Musanalembe katswiri wakunja pa gulu lanu, yambani mwawerenga mabelo

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma cha mu Epulo, ndalama zimayamba kulowa m'maakaunti a makalabu, ndipo alendo nawo sachedwa kufika. Ogulitsa malata ndi feteleza tinawazolowera. Koma zaka zino kwabwera mlendo wina, wa chikwama cha laputopu, amene sagulitsa katundu koma nzeru. Akuti atha kulembera gulu lanu pulopozo yopemphera thandizo, kukonza mabuku a ndalama, kulemba malamulo a koparetivu kapena dongosolo la bizinesi la zaka zisanu. Kumaofesi amamutcha consultant. Wapampando akabwera naye ku msonkhano, anthu ambiri amangowomba m'manja, poopa kuoneka ngati otsalira.

Nkhani imeneyi si ya komiti yokha ayi. Ndalama ya kalabu, ya koparetivu, ya bungwe la m'mudzi losamalira ana amasiye kapena ya komiti ya chitukuko ya pa mpingo imachokera m'nyumba zathu. Ndi sheya imene mayi anagula atagulitsa ndowa ya mtedza, ndi yodulidwa pa belo la bambo, ndi sonkhesonkhe wa mwezi ndi mwezi. Choncho banja lililonse limene lili ndi membala m'gulu liyenera kudziwa nthawi imene katswiri wolipidwa amafunikadi, ndi nthawi imene kumulemba kuli kungotaya thukuta.

Chifukwa chake funsoli lakula

Mapepala achuluka. Kale kalabu ya fodya inkangofuna chiphaso, buku la mlembi ndi akaunti ku banki. Lero makampani ogula fodya pa kontrakiti amafuna umboni wa momwe fodya walimidwira, makamaka kuyambira mu Novembala 2019 pamene dziko la America linayamba kugwira fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana ndi anthu mowakakamiza. Mu 2021 lamulo la ntchito linasinthidwa ndipo utenanti unaletsedwa. Magulu amene akufuna kutembenukira ku soya, mtedza ndi mpendadzuwa akumana ndi mapepala ena: pulojekiti ya AGCOM, imene inayamba mu 2018 ndi ndalama za World Bank, inkapereka magawo 70 pa 100 alionse a ndalama zofunika, gulu n'kusonkha magawo 30, koma pokhapokha gululo litalemba dongosolo la bizinesi lomveka ndi kuonetsa wogula amene lagwirizana naye. Mabungwe omwe si aboma nawo ali pansi pa NGORA, imene inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo litasinthidwa mu 2022, ndipo amayenera kupereka malipoti chaka ndi chaka. Zambiri mwa izi zimalembedwa m'Chingerezi. N'zosadabwitsa kuti komiti ya anthu olima bwino koma osazolowera mafomu imayamba kuyang'ana kunja.

Ine sindidana ndi akatswiri akunja. Makolo anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mbiri ya alimi a fodya imavomereza. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, fodya amene kale anali wa maesiteti okha, makalabu awo ankavutika ndi mayendedwe, kuchedwa kwa mabelo pa msika ndi ngongole. Pulojekiti ya USAID, imene inkayendetsedwa ndi bungwe la ku America la ACDI/VOCA, inatumiza akatswiri kukathandiza makalabuwo kugwirizana m'maasosiyeshoni, ndipo m'menemo ndi momwe munabadwa NASFAM mu 1997. Akatswiri aja anapita kalekale koma NASFAM ilipobe. Chimene chinaisunga n'chakuti alendowo anaphunzitsa eni ake ntchito, ndipo ulamuliro unatsala m'manja mwa alimi osankhana okha. Muyeso wanga wa katswiri aliyense ndi womwewo: iye akachoka, gulu lidzatsala likudziwa chiyani chimene silinkadziwa?

Tchulani vuto lanu m'mawu ochepa

Musanakambe za munthu kapena mtengo wake, khalani pansi nokha, popanda mlendo, ndipo mlembi alembe vuto la gulu m'chiganizo chimodzi. "Tikufuna chitukuko" si vuto. "Gulu lathu silikuyenda bwino" si vuto lolembera munthu ntchito. Koma "mabuku athu a zaka ziwiri sanaunikidwe ndipo a boma akuwafuna" ndi vuto lomveka. "Tikufuna kudziwa ngati pa dimba lathu pali madzi okwanira mpope wa sola" nalonso ndi lomveka. Mukalephera kugwirizana pa chiganizo chimodzi, dziwani kuti simunafike polemba munthu. Katswiri amene wapeza gulu lisakudziwa chimene likufuna amaligulitsa chimene iye ali nacho kale mu kompyuta, nthawi zina lipoti lomwe analembera gulu lina ku Mchinji, atangosintha dzina ndi malo.

Mukalemba vutolo, dzifunseni ngati lili vuto losowa luso kapena losowa kukhulupirirana. Apa ndi pamene magulu ambiri amagwa. Mamembala akamagulitsa soya kwa mavenda usiku m'malo mobweretsa ku nyumba yosungiramo katundu ya gulu, chifukwa chake sichikhala kusaphunzira. Amakhala kuti chaka chatha anadikira malipiro miyezi itatu, kapena amakayikira sikelo ya gulu, kapena kunyumba kulibe ufa. Maphunziro a masiku atatu ku holo ya pa boma sangachize zimenezo. Zimachira ndi kulipira msanga, kuyeza katundu pamaso pa mwini wake, ndi kumata mitengo pa khoma kuti aliyense aione. Wapampando akakhala pa mpando zaka khumi osachititsa chisankho, mankhwala ake ali kale m'malamulo a gulu lanu, ndipo safuna kulipira munthu.

Yambani ndi thandizo limene munalipira kale

Boma lathu la Kasungu si losowa alangizi. Likulu la zaulimi la Kasungu ADD lili pomwepa. Ku maofesi a zaulimi a m'madera, ma EPA, monga Chamama, Santhe, Chulu, Kaluluma ndi Lisasadzi kuli alangizi a boma, ndipo ku ofesi ya zaulimi pa boma kuli amene amaona za ulimi wa bizinesi, omwe ntchito yawo ndi yothandiza magulu kuwerengera phindu ndi kupeza misika. Ofesi ya zamalonda ku khonsolo imaphunzitsa magulu ofuna kulembetsa ngati koparetivu motsatira lamulo la makoparetivu la 1998. Alangizi a zachitukuko amadziwa za banki mkhonde ndi magulu a COMSIP. Pa za fodya pali ARET, imene ili ndi sukulu ya zaulimi ku Mwimba m'boma lomwe lino, ndipo ntchito zake zimathandizidwa ndi ndalama zodulidwa pa fodya wanu yemwe. Ngati ndinu mamembala a TAMA Farmers Trust, NASFAM kapena Farmers Union of Malawi, ulangizi ndi gawo la zimene mumalipirira. A SACCO ali ndi MUSCCO.

Inde, mlangizi wa boma amakhala ndi dera lalikulu, nthawi zina njinga yake yamoto ilibe mafuta, ndipo mungafunike kumudikira kapena kumuthandiza mayendedwe. Komabe mtengo wa malita ochepa a petulo sungafanane ndi wa katswiri wochokera ku Lilongwe, ndipo mlangiziyo mudzamupezanso chaka chamawa zinthu zikadzavuta.

Yang'ananinso m'nyumba zanu. M'midzi mwathu muli aphunzitsi opuma ntchito, akalaliki akale a pa maesiteti amene anasunga mabuku a mahekitala mazanamazana, ndi ana amene anamaliza Fomu 4 kapena dipuloma koma akungokhala. Mtsikana wodziwa masamu, mutamulipirira maphunziro afupiafupi a kasungidwe ka mabuku, adzakutumikirani zaka zambiri pa ndalama yochepa kuposa ya lipoti limodzi. Ife a ku Kasungu sitiyenera kuchita kuuzidwa zimenezi. William Kamkwamba wa kwa Wimbe, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito buku la mu laibulale ndi zitsulo zotola. Anthu akunja anamuthandiza kwambiri pambuyo pake, mpaka kukalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, koma anapeza chinthu chitaima kale.

Pamene kulipira katswiri kuli kwanzeru

Pali ntchito zina zimene kuumira kumakhala kudzipweteka. Yoyamba ndi kuunika mabuku a ndalama. Lamulo, banki kapena opereka thandizo akafuna oditi, msungichuma sangadziunike yekha, ndipo mphunzitsi wa m'mudzi, ngakhale atadziwa masamu bwanji, siginecha yake siilandiridwa. Koparetivu iyambe yafunsa ku ofesi ya zamalonda kuti oyenera kuiunika ndi ndani. Bungwe lolembetsedwa ku NGORA lipeze munthu wovomerezeka, ndipo mutha kufufuza dzina lake ku bungwe la akatswiri owerengera ndalama la ICAM. Apanso ndi pamene kukhala mlendo kuli ndi phindu lenileni. M'gulu la m'mudzi aliyense ndi mbale wa wina: msungichuma ndi mlamu wa wapampando, mlembi ndi mdzukulu wa amfumu. Ndalama zikasowa, palibe amene angafunse molimba mtima popanda kudanitsa mabanja. Munthu wakunja amawerenga malisiti mosayang'ana nkhope. Koma ntchito yake ithere pa kunena zimene wapeza. Chochita ndi wolakwayo ndi cha msonkhano wa mamembala onse.

Yachiwiri ndi malo ndi makontrakiti akuluakulu. Gulu likamagula kapena kubwereka malo omangapo nyumba yosungiramo katundu, makamaka m'dera ngati lathu momwe malire a maesiteti akale ndi a midzi amakanganitsa anthu, ndalama yolipira wopima malo wovomerezeka ndi loya siyotayika. Chimodzimodzi kontrakiti yogulitsa matani ambiri a soya kapena ya ngongole imene chikole chake ndi katundu wa gulu. Loya weniweni amakhala ndi chiphaso cha chaka chimenecho, ndipo a Malawi Law Society amatulutsa mndandanda wa mayina awo.

Yachitatu ndi zomangamanga ndi makina. Musanakumbe mjigo wa mthirira, pakhale wodziwa kufufuza madzi apansi, amene sali wa kampani yokumbayo. Musanagule makina oyengera mafuta a mpendadzuwa kapena opangira chiponde, funsani wodziwa zimene a Malawi Bureau of Standards amafuna pa nyumba yake, ukhondo ndi chuku cha mu mtedza, komanso ngati magetsi a kwanuko angawakoke makinawo. Ndaonapo makina okwera mtengo atafunditsidwa lona chifukwa choti anagulidwa funso limeneli lisanafunsidwe.

Ntchito zonsezi zili ndi poyambira ndi pothera, ndipo pomaliza pake mumagwira chinthu m'manja: lipoti la oditi, mapu, kontrakiti, pulani.

Amene muyenera kumubweza

Chenjerani ndi wolemba mapulopozo amene akulonjeza kuti ndalama zibwera ndithu chifukwa ali ndi anzake kumeneko. Palibe munthu wachilungamo amene angalonjeze ndalama za eni. Chenjeraninso ndi amene akuti musamulipire lero, adzangotapa gawo lake thandizo likadzabwera. Zimamveka zokoma, koma opereka thandizo ambiri salola kuti ndalama zawo zilipire ntchito yolemba pempho. Ndiye kuti gawo lakelo mudzalibisa m'malisiti abodza a simenti kapena maphunziro, ndipo oditi ikadzabwera odzayankha mlandu ndi wapampando ndi msungichuma wanu, iye ali kutali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo: musagulitse mbuzi za gulu kapena kutenga katapila kuti mulipire pulopozo ya ndalama zimene simunazione. Ndipo mapulojekiti ena akuluakulu amakhala ndi anthu awo othandiza magulu kulemba mapepala popanda gulu kulipira. Funsani ku ofesi ya zaulimi musanatulutse khobidi.

Pulopozo yolembedwa ndi mlendo yekha ili ndi vuto linanso. Opereka thandizo amabwera kudzaona gulu asanavomere. Akafunsa mayi wa m'komiti kuti matani amene alembedwawo adzachokera m'minda ya ndani, iye n'kuyang'ana pansi, nkhani imathera pomwepo. Pempho losalala pang'ono koma loti membala aliyense atha kulifotokoza limapita patali kuposa la Chingerezi chokoma chimene eni ake sakulidziwa.

Werengerani mtengo wonse

Mtengo umene katswiri amatchula si wonse. Onjezerani mayendedwe ake, malo ogona, chakudya cha pa misonkhano, kusindikiza mapepala, ndi maalawansi amene komiti idzafune. Kenako gawani ndi chiwerengero cha mamembala. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi zakwana K2,000,000 ndipo gulu lanu lili ndi mabanja 40: banja lililonse lapereka K50,000. Sandutsani ndalamayo kukhala zinthu zimene anthu amazidziwa. Ndi makilogalamu angati a fodya pa mtengo umene uli pa mapepala anu a ku okushoni? Pa gulu lonse ndi mabelo angati, poti belo limalemera makilogalamu pafupifupi 100? Ndi matumba angati a feteleza? Mayi amene anasoka fodya mpaka usiku mu chigafa akamva kuti lipoti likudya mabelo akutiakuti, adzafunsa mafunso amene komiti inaiwala. Ndipo funso lalikulu ndi ili: kodi ntchitoyi idzabweza ndalamazi, kapena kutiteteza ku chitayiko choposa pamenepa?

Gwirizanani mtengo m'makwacha. Fodya amagulidwa m'madola, ndipo akatswiri ena amafuna kutengera pomwepo, koma kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Gulu limene linasayina m'madola masiku amenewo linadzuka ngongole itakula usiku umodzi.

Kusankha munthu ndi kulemba pangano

Musatenge woyamba kufika. Pezani anthu atatu, muwapatse chiganizo chanu chija, aliyense alembe momwe adzagwirire ntchito, masiku ake ndi mtengo. Aliyense atchule magulu awiri amene anawagwirirapo ntchito, ndipo inu muimbe foni kapena mutume anthu awiri akaone. Kumeneko musakafunse wapampando yekha. Funsani mamembala wamba ngati munthuyo anamaliza ntchito ndi ngati amayankha foni atalandira ndalama. Wa m'komiti amene ali pachibale ndi mmodzi mwa atatuwo anene poyera ndipo atuluke pa nthawi yosankha. Chigamulo chilembedwe m'buku la misonkhano, ndipo ngati ndalamayo ndi yaikulu, chivomerezedwe ndi msonkhano wa mamembala onse.

Mvetserani momwe munthuyo akulankhulira pa kukumana koyamba. Wabwino amafunsa zambiri kuposa zimene amanena, amafuna kuona buku la msungichuma ndi minda, ndipo saopa kukuuzani kuti gawo lina mutha kulichita nokha. Wofika ndi mayankho asanamve vuto ndi wogulitsa.

Pangano likhale lolembedwa, ngakhale pa tsamba limodzi. Litchule chimene adzapereke ndi tsiku lake. Malipiro akhale m'magawo: pang'ono poyamba, gawo lina akaonetsa ntchito, ndipo lalikulu ntchito ikalandiridwa ndi msonkhano. Lipirani kudzera ku banki kapena cheke, osati ndalama m'manja kapena pa foni ya munthu mmodzi, ndipo apereke lisiti. Akhale ndi nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA, ndipo funsani ku ofesi yawo ngati gulu lanu likuyenera kudula msonkho pa malipirowo.

Mfundo izi musazisiye, pakuti ndi zimene zimaliritsa magulu pambuyo pake. Zikalata zenizeni za gulu, monga satifiketi yolembetsera, mapepala a malo ndi buku la cheke, zisachoke m'manja mwanu. Katswiriyo atenge mafotokope. Asakhale wosayinira ku banki, ngakhale kwa mwezi umodzi. Akakutsegulirani imelo kapena kukulembetsani pa intaneti, nambala ya foni ikhale ya gulu ndipo pasiwedi ikhale ndi anthu anu awiri. Magulu ena amangomva mochedwa kuti kalata yowayankha inapita kwa munthu amene anasiyana naye kale. Manambala a ziphaso za unzika ndi ziphaso za fodya za mamembala asawagwiritse ntchito pa china chilichonse. Mamembala awiri, mmodzi akhale mayi kapena wachinyamata, aziyenda naye pa ntchito yonse kuti aphunzire. Ndipo pomaliza adzaime pamaso pa gulu lonse n'kufotokoza zimene wapeza m'Chichewa, kapena m'Chitumbuka ngati ndi cha ku Nkhamenya ndi kwa Simlemba, n'kusiya chidule cholembedwa m'chinenero chomwecho. Wokana mfundo imeneyi akufuna kuti muzimuitana chaka chilichonse.

Nyengo nayo muiganizire. Kuyambira Disembala mpaka Malichi anthu amakhala ali kowokera, kupalira, kuthyola ndi kusoka, ndipo m'nyumba zambiri chakudya chimakhala chitachepa. Katswiri wobwera nthawi imeneyo adzakumana ndi komiti yokha. Juni mpaka Ogasiti, ntchito za nazale zisanagwire, ndi pamene anthu angakhale pansi n'kumvetsera, komanso ndi pamene gulu limadziwa ndalama zenizeni zimene lapeza.

Kwa inu amene simuli m'komiti: pitani ku msonkhano umene nkhaniyi idzakambidwe, ndipo ngati membala ndi mmodzi m'banja, kambiranani kunyumba usiku wake, pakuti ndalamayo ndi ya nonse. Ku msonkhanoko imikani dzanja mufunse kuti munthuyu adzachita chiyani kwenikweni, ngati a ku EPA ndi a zamalonda anafunsidwa kale, kuti banja lililonse likupereka zingati, ndi kuti ndani mwa inu adzaphunzire ntchitoyo. Komiti ikayankha momveka, voterani kuti alembedwe ndipo mumulipire mosanyinyirika. Ikalephera kuyankha, pemphani kuti nkhaniyo iimitsidwe mpaka msonkhano wotsatira, ndalama zikhale zili ku banki.